Chinyezi chokwera khoma mu khitchini ya ekisitenshoni: chitani izi musanaike matailosi ndi makabati

Tsiku lomwe tinazula makabati akale mu khitchini mwathu ndi lomwe ndinadziwa kuti fungo lija timangonamizira sinki silimachokera mu sinki ayi. Kumbuyo kwa kabati khoma lonse linali lakuda ndi chuku, penti atatupa ngati matuza a moto, pulasitala ukangomukhudza ndi chala akuyoyoka ngati ufa wa mgaiwa, kenako kamzere ka chikasu kokhotakhota kakuyenda khoma lonse cha m'mabondo umu. Matabwa a pansi pa kabati anali atafufuma moti umathyola ndi manja. Khitchini imeneyi ndi ekisitenshoni, tinaiphatikiza kumbuyo kwa nyumba yathu ku Area 25 mu 2019, nde tangoganizani zaka zochepa chabe zinthu zaola kale pomwe nyumba yakaleyo, yomwe inamangidwa ine ndili mwana, makoma ake ali gwa ouma bwinobwino.

Mmisiri woyamba amene ndinamuitana anangoyang'ana n'kunena kuti bwana apa tingomata matailosi mpaka m'mwamba basi nkhani yatha. Chonde abale, mukamva mawu amenewa dziwani kuti ndalama zanu zikukalowa m'madzi. Matailosi sachotsa chinyezi, amangochibisa, madziwo akasowa potulukira amakwera kupitirira pomwe matailosi athera kapena amakatulukira kuseri kwa khoma ku chipinda china, ndipo pakapita nthawi matailosiwo amayamba kulira mphwa mphwa mukawagogoda kenako kugwa. Amene anandithandiza zenizeni ndi madala ena ake amene akhala akumanga nyumba kuyambira kalekale, ndipo zambiri zomwe ndilembe apa ndinaziphunzira ndili chiimire pambali pawo miyezi ingapo. Nthawi yomwe mwazula makabati ndi sinki ndi nthawi yokhayo yomwe khoma la khitchini limakhala poyera, mukaiphonya mudzaphwasulanso zatsopanozo.

Kaye tidziwe madziwo akuchokera kuti

Njerwa yootcha ndi matope ake zili ndi timabowo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, nde zikakhala pa dothi lonyowa zimayamwa madzi kukwera nawo m'mwamba monga momwe chingwe cha koloboyi chimakokera parafini kuchokera pansi pa botolo. Madziwo amabwera ndi mchere wa m'nthaka, iwo akauluka mcherewo umatsala pakhoma, ndi zoyera zija zimaoneka ngati ufa zija, ndipo ndi umene umaphulitsa penti ndi pulasitala. Chinyezi chamtundu umenewu nthawi zambiri sichipitirira mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono kuchokera pansi. Nde ngati khoma lanu lanyowa kumtunda kufupi ndi denga kapena pakati pokha pansi pali pouma, limenelo ndi vuto lina, kayang'aneni malata, gatala kapena paipi ya m'khoma.

Madala aja tsiku loyamba sanagwire nyundo olo pang'ono. Anandiuza kuti mwana wanga, madzulo mutseke mipopi yonse, wina asagujumule toileti, muwerenge mita ya Water Board mulembe manambala onse mpaka ofiira aja, m'mawa muwerengenso. Manambala akasuntha ndiye kuti paipi ikudontha penapake, ndipo mu khitchini zimenezi zimachitika kwambiri chifukwa mapaipi amakwiriridwa m'khoma momwemo kumbuyo kwa sinki. Paipi yotaya madzi oipa siioneka pa mita, imeneyo mudzadze sinki mpaka pakamwa, mutsegule kamodzi n'kumayang'ana pomwe paipiyo yaboolera khoma, mkati ndi kunja komwe. Anthu ambiri agumula pulasitala nyumba yonse pomwe vuto linali kajointi kamodzi ka paipi ka ndalama zochepa.

Chachiwiri ndi nthunzi. Khitchini yomwe mumaphikamo nyemba maola atatu mawindo ali chitsekere, makamaka June ndi July kukamazizira, makoma amachita thukuta ndipo chuku chimamera m'makona ndi kuseri kwa makabati. Poyesa tengani pepala la pulasitiki kapena foyilo wa mu khitchini momwemo, lalikulu ngati theka la mita mbali zonse, mulimate pakhoma ndi selotepi mbali zonse zinayi mpweya usalowe, lina mumate pansi pa simenti, mudikire masiku awiri. Likanyowa kunja kwake, mbali yoyang'ana inu, imeneyo ndi nthunzi, mankhwala ake ndi windo ndi mpweya basi. Likanyowa mkati, kapena simenti ya pansi pake yada kusiyana ndi pena ponse, madzi akuchokera m'khoma kapena pansi.

Kenako tulukani panja mukafufuze DPC. Kwa amene simukuidziwa, ndi kapepala kakuda kolimba kamene amayala pamwamba pa maziko asanayambe kukweza khoma, kogulitsidwa mu ma hardware kokulungakulunga, ntchito yake kudula njira ya madzi aja. Imayenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa dothi lakunja, ndiye kuti mizere iwiri ya njerwa. Gumulani pulasitala pang'ono pakona ndi tchizulo mufufuze mzere ndi mzere. Pali zinthu zitatu zomwe mungapeze: ilipo ndipo ili pamwamba pa dothi koma pulasitala waiphimba kuchoka pamwamba mpaka pansi nde madzi akudutsa mu pulasitalayo ngati pa mlatho, kapena ilipo koma yakwiririka ndi dothi, kapena kulibiretu. Kwathu kunali zonse ziwiri zomalizazi, khoma la kumbuyo analiika koma linali pansi pa dothi, makoma awiri a m'mbali munalibe kanthu, mwina mpukutu unathera panjira omangawo n'kungopitiriza osanena. Ena m'malo mwa DPC amayala matumba a simenti kapena majumbo opyapyala aja, zimenezo zimang'ambika tsiku lomwelo njerwa ikangokhalapo.

Ma ekisitenshoni amavutika kwambiri kuposa nyumba yeniyeni pa zifukwa zodziwika. Amamangidwa ndalama zili zochepa, mwachangu, opanda pulani, nthawi zambiri pa malo pomwe kale panali khonde la kuseri kapena potsukira mbale, pomwe dothi lamwa madzi zaka ndi zaka. Denga lake limakhala lotsika nde madzi onse a denga la nyumba yaikulu amatsikira pamenepo. Ndiye palinso dothi lomwe linakumbidwa pa maziko, m'malo molitaya amangolisalaza m'mbali mwa khoma momwemo, nthaka n'kukwera.

Yambani kunja, olo mtima ukufuna za mkati

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse chifukwa ntchito ya kunjayi ndi yotchipa kuposa zonse koma ndi imene imachotsa gawo lalikulu la vuto. Ife tinakumba dothi lonse m'mbali mwa khoma kulitsitsa mpaka DPC ya khoma la kumbuyo ija inaonekera ndi mizere iwiri ya njerwa pansi pake, mawilibala oposa 20 anatuluka pamenepo. Maluwa omwe mayi a kunyumba anadzala m'mphepete mwa khoma tinawasamutsa, zinawawawa ndithu koma maluwa othiriridwa m'mawa ndi madzulo pa khoma ndi chimodzimodzi kuthirira khomalo. Pokumba samalani musafike pansi pa konkire ya maziko, mukafukula pamenepo khoma likhoza kukhala pansi n'kung'aluka, mavuto n'kuchuluka.

Mukatsitsa dothi ikani kakhonde ka konkire kozungulira, kotambalala masentimita 60 mpaka mita imodzi, kopendekera kunja osati ku khoma. Izi zikumveka zachidziwikire koma yendani m'makomo muone makhonde angati amene madzi amaima m'mphepete mwa khoma mvula ikagwa. Uzani mmisiri aike levulo inu mukuona, kutsika masentimita awiri pa mita iliyonse kwakwana, ndipo akamaliza thirani ndowa ya madzi muone komwe akulowera. Pamwamba pa kakhondeko pakhalebe pansi pa DPC ndi masentimita 15 aja, chifukwa mvula ikamenya konkire imadumpha kunyowetsa khoma.

Magatala muike, ndipo paipi yotsitsa madzi isathere pa phazi la khoma, ipite mu ngalande yotulutsa madzi kutali kapena mu mgolo. Denga la masikweya mita 50 mvula ya mamilimita 20 yokha ikagwa limatsitsa malita 1,000, migolo isanu ya malita 200, nde taganizani migolo isanu kukhuthulira pa maziko a khitchini madzulo amodzi a mu January. Madzi a mu sinki nawonso asamangotayikira kuseri kwa khoma, apite ku sokawe, dzenje lomwetsa madzi m'nthaka, yomwe ili kutali ndi nyumba mamita angapo. Amene muli kumunsi kwa phiri ngati mbali zina za Ndirande, Chilobwe kapena Soche, komwe madzi amachokera kumtunda kwa aneba, kapena amene munagula puloti kufupi ndi dambo, inu mufunikanso ngalande ya pansi: mukumbe mbali yakumtunda motalikirako ndi khoma, muyale paipi yoboolaboola, muthire miyala ya kwale, madzi azitsata imeneyo kuzungulira nyumba.

Pomwe ekisitenshoni yakumana ndi nyumba yakale pamafunika diso lapadera. Makoma awiriwa anamangidwa nthawi zosiyana, latsopano limakhazikika pang'ono pansi nde pamakhala kamng'alu koongoka kuchoka pamwamba mpaka pansi, mvula yamphepo imalowa mmenemo n'kutsikira pansi n'kumaoneka ngati chinyezi chochokera m'nthaka. Kamng'aluko osangokamata simenti, kamang'alukanso, mukakulitse pang'ono n'kuthiramo sealant wofewa uja wa mu chubu wogwira pa simenti. Pamwamba pomwe malata atsopano agunda khoma lakale payenera kukhala lata lopinda lolowa m'khoma, osati matope a simenti ongounjika pamalata.

Kuika DPC pa khoma lomwe linamangidwa kale

Ngati mwapeza kuti DPC ilipo ndipo inangokwiririka, mwapulumuka, dumphani gawo lino. Ngati mulibe, pali njira ziwiri.

Musanayambe chilichonse zimitsani magetsi pa main switch, makoma a khitchini amakhala ndi mawaya a masoketi ndi a cooker, khoma lonyowa ndi magetsi sizigwirizana. Mudziwenso pomwe mapaipi a madzi adutsa. Kenako gumulani pulasitala yense wodwalayo mkati ndi kunja, osathera pa kamzere ka chikasu paja, mupitirire masentimita 30 pamwamba pake, ndipo olo kamzereko kali m'munsi bola kugumula mpaka mita imodzi. Pulasitala ameneyu wadzaza mchere, ndipo mcherewo umakoka chinyezi cha mumpweya pawokha, nde olo mutatseka madzi a pansi iye azingonyowabe nyengo ya mvula iliyonse. Zogumulazo tulutsani tsiku lomwelo, osazithira pansi ngati zokwirira. Valani chotseka pamphuno, fumbi la chuku limayambitsa chifuwa, ndipo ana ndi aliyense wa mphumu asayandikire.

Njira yoyamba, yomwe ife tinatsata, ndi yodula khoma pang'onopang'ono n'kulowetsa pepala la DPC. Mumasankha mzere umodzi wa matope pakati pa njerwa, womwe uli masentimita 15 pamwamba pa dothi lakunja komanso wofanana kapena pamwamba pang'ono pa simenti ya mkati. Mumagawa khomalo zigawo zosapitirira mita imodzi, madala aja amachita masentimita 60 mpaka 70 okha, n'kulemba manambala ndi choko 1, 2, 3, 1, 2, 3 mpaka kumapeto. Tsiku loyamba mumatsegula ma 1 okhaokha, kuchotsa matope ndi girayinda kapena tchizulo mpaka kuboola mbali inayo, pena zimaphweka kungochotsa mzere umodzi wa njerwa n'kudzaubwezera. Mumasesa bwino, kuyala matope pang'ono osalala kuti pepala lisabooke, kulowetsa DPC yotambalala mofanana ndi khoma, kumapeto kwake kusiya masentimita 15 opinda oti adzalumikizane ndi pepala la chigawo chotsatira. Kenako kutseka mpatawo ndi matope olimba, simenti imodzi mchenga itatu, ouma pang'ono osati amadzimadzi, n'kumawasinja ndi kathabwa mpaka atadzaza thothotho, chifukwa khoma lonse la pamwamba lidzakhalira pamenepo. Mudikire masiku atatu kapena anayi musanatsegule ma 2, chimodzimodzinso ma 3.

Ntchito imeneyi imafuna munthu wodekha. Mnyamata wina wothandizira anafuna kutsegula zigawo ziwiri zoyandikana kuti aweruke msanga, madala anamuletsa mwamphamvu, amvekere iwe khoma ili lilibe miyendo ina, ukachotsa pansi ponse likhalira chani. Ngati nyumba yanu ndi yosanja, kapena khomalo lili kale ndi ming'alu ikuluikulu, kapena pamwamba pake pali thanki ya madzi kapena bimu ya konkire, musayerekeze nokha, pezani injiniya aone kaye. Komanso nyumba zambiri kwathu kuno zinamangidwa ndi matope a dothi n'kupaka pulasitala wa simenti pamwamba, zoterozo kudula n'kosavuta koma khoma lake ndi lofooka makamaka likanyowa, zigawo zikhale zazifupi kwambiri ndipo muchite nthawi ya chilimwe basi.

Njira yachiwiri ndi ya mankhwala, kirimu wa silicone amene amabwera mu machubu. Mumaboola mabowo a mamilimita 12 mu mzere wa matope, motalikirana masentimita 12, kulowa mpaka kutsala pang'ono kutulukira mbali inayo, kupemerera fumbi lonse, n'kupopera kirimuyo. Iye amalowerera m'matope n'kupanga mzere womwe madzi sadutsa. Ndi yachangu, khoma silisokonezeka, koma ndi yodula ndipo sipezeka paliponse, komanso pa mabuloko a simenti a mphako aja kirimu amangogwera m'mabowo, pa matope a dothi ndiye sindingakulimbikitseni. Mukaipeza tsatirani zomwe alemba pa chubupo osachepetsa muyeso. Chomwe ndikukanizeni ndi chija ena amachita chothira oilo wakutha wa galimoto m'mabowo kapena kupaka phula khoma lonse mkati, oiloyo amanunkha, amadetsa pulasitala ndipo muli mophikira chakudya muno.

Pansi napo

Ngati pepala lija munamata pansi linanyowa mkati, ndiye kuti silabu, konkire ya pansi ija, inathiridwa pa dothi popanda pulasitiki. Apa pamafunika kulimba mtima. Njira yeniyeni ndi kuswa, ndipo poti khitchini zambiri za ekisitenshoni ndi zazing'ono, mamita atatu kwa anayi, si ntchito yoopsa monga imamvekera, ife anyamata awiri anaswa ndi kutulutsa masiku awiri. Mukaswa mumathira miyala kapena zidutswa za njerwa n'kusinja kwambiri, pamwamba mchenga masentimita asanu kuti miyala isaboole pepala, mankhwala a chiswe pompo poti mpata wapezeka, kenako pulasitiki wakuda wokhuthala wa ma micron 250. Polumikiza mapepala awiri apitirirane masentimita 20 kapena 30 n'kumata ndi tepi, ndipo m'mbali akwere khoma mpaka akakumane ndi DPC ija. Mfundo imeneyi ndi yomwe ambiri amaiphonya, amadula pepala m'mphepete mwenimweni nde madzi amadzera pa mpata wa pakati pa silabu ndi khoma. Pothira konkire, masentimita 10, wilibala isayende pa pepala, yalani matabwa. Muzithirira masiku 7.

Ngati kuswa sikutheka, pali mankhwala opaka pamwamba pa silabu yakale otseka madzi, mumapaka kawiri kapena katatu kukwezanso m'mbali, kenako simenti ina masentimita asanu pamwamba. Zimagwira ngati chinyezi chake si chambiri, koma pansi pamakwera nde zitseko muyenera kudula ndipo pakhomo pamakhala kasitepe.

Kudikira, kenako pulasitala

Khoma lomwe lamwa madzi zaka zitatu siliuma sabata imodzi. Amisiri ophunzira amawerengera mwezi umodzi pa masentimita awiri ndi theka alionse a kunenepa kwa khoma, ndiye kuti khoma la hafu njerwa miyezi inayi kapena isanu, la mainchesi 9 mpaka miyezi 9. Kwathu kuno dzuwa la September ndi October limathandiza, zimafulumirako, makamaka ngati njerwa zili pamtunda mbali zonse ziwiri mawindo ali otsegula. Chifukwa chake ntchitoyi muiyambe mvula ikangosiya, April kumapeto kapena May, osati November mitambo itayamba kale. Ife tinagumula mu May, tinaphikira pa khonde miyezi yonse ya chisanu, zinali zowawa makamaka m'mawa ana akamapita ku sukulu, pulasitala tinapaka kumapeto kwa August.

Pamene khoma likuuma muona mchere woyera uja ukutuluka pa njerwa, musadandaule ndi chizindikiro choti madzi akuchoka. Muzichotsa ndi burashi youma n'kusesa, osatsuka ndi madzi chifukwa mukatero mcherewo umasungunuka n'kubwereranso m'njerwa. Pomwe pali chuku pa makoma ena omwe simunagumule pukutani ndi Jik wosungunula m'madzi, mawindo ali otsegula, ndipo osamusakaniza ndi mankhwala ena otsukira.

Pa pulasitala nkhani yaikulu ndi mchenga ndi muyeso. Mchenga ukhale wa kumtsinje woyera wosefa, wa kudambo wosakanikirana ndi dothi uja umang'aluka ndipo umasunga chinyezi. Kuti mudziwe, thirani mchenga mu botolo theka, mudzadze madzi, mukhutchumule n'kusiya usiku, dothi limakhala pamwamba pa mchenga ngati kamzere, likachuluka musagule. Muyeso simenti imodzi mchenga inayi, ndiye kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 mawilibala awiri osasefukira, osati anayi kapena asanu monga ena amachitira kuti simenti itsale. Kaya mwagula Akshar kaya Dangote kaya ina iliyonse, bola isakhale yoti yagona nthawi yaitali mpaka kuchita mibulu. M'madzi osakanizira muthiremo mankhwala otseka madzi ngati Sika 1 motsatira muyeso wa pa chigubu. Ndinaima pompo tsiku lonse ndikuwerenga mawilibala ndekha, ndipo ndikukulangizani muchite chimodzimodzi, si kukayikira munthu, ndi nyumba yanu.

Chinthu chaching'ono koma chofunika zedi: pulasitala asafike pansi. Mkati athere pa mzere wa DPC, pasiyidwe kampata ka sentimita imodzi kapena awiri pakati pa iye ndi simenti ya pansi, kampatako kadzabisika ndi matailosi a m'mphepete aja. Kunjanso chimodzimodzi, pa mzere wa DPC adulepo kamzere kolowa mpaka pa pepala kuti pulasitala wa pamwamba ndi wa pansi asagwirane. Amisiri ambiri sakonda zimenezi amati sizioneka bwino, koma mukalola kuti apake kuchoka pamwamba mpaka pansi mwamanganso mlatho uja ndipo ntchito yonse yodula khoma ija yapita pachabe. Pulasitala watsopano muzimuwaza madzi pang'ono masiku atatu kapena kuposerapo kuti asang'aluke.

Penti musathamangire. Dikirani milungu inayi kapena kuposa, ndipo woyamba akhale wa madzi wamba kapena laimu amene amalola khoma kupuma. Penti wa oilo wonyezimira uja, amene timamukonda mu khitchini poti amapukutika, amatseka chinyezi chotsalira mkati n'kuyambanso matuza, ameneyo adikire mpaka dzinja limodzi lidutse muone kuti khoma lili bwanji.

Pobwezera makabati

Makabati ambiri a masiku ano ndi a chipboard kapena MDF, matabwa a utuchi wopanikiza, akangolawa madzi amafufuma ndipo sabwereranso. Uzani kalipentala awaike pa timiyendo ta pulasitiki kapena tachitsulo masentimita 10 kuchoka pansi, thabwa lotseka kutsogolo likhale lochotseka kuti muzitha kusuzumira ndi tochi. Kumbuyo asiye mpata wa masentimita asanu pakati pa kabati ndi khoma, ndipo aboole timabowo pamwamba kapena m'mbali mpweya uziyenda. Ena amakonda kumanga makabati a njerwa ndi silabu ya konkire pamwamba, ndi olimba inde, koma timakoma take natonso tikhale pa DPC, apo ayi tidzayamwa madzi n'kuwapatsira ku khoma lomwe mwalichiritsa lija. Kabati ya pansi pa sinki isakhale ndi thabwa kumbuyo, majointi onse a mapaipi azioneka ndi kufikika ndi dzanja, ndipo pulamba ayese madzi tsiku lathunthu musanatseke chilichonse.

Ma air vent aja timawatseka ndi mapepala poopa fumbi ndi udzudzu atseguleni, ikanimo kasefa ka waya. Windo lizitsegulidwa pophika, gasi nayenso amatulutsa nthunzi akamayaka, ndipo mbaula ya makala m'khitchini yotseka ndiye ayi ndithu, kuwonjezera pa chinyezi utsi wake wosaoneka uja umapha anthu.

Za ndalama sinditchula mitengo poti simenti imasinthasintha mtengo, koma kwathu zomwe zinadya kwambiri ndi kuswa pansi ndi kakhonde ka kunja, DPC yeniyeniyo mpukutu wake unali wotchipa, chinthu chomwe chimandipweteka mtima ndikakumbukira kuti chikanaikidwa mu 2019 zonsezi sizikanachitika. Ngati ndalama zili zochepa chitani za kunja zija chaka chino, gumulani pulasitala, muone dzinja limodzi, makabati adikire. Matailosi a pakhoma ife tinaika chaka chotsatira mu June, titaona kuti mvula yonse ya January ndi February yadutsa khoma lili louma. Pa khoma la m'mbali kuseri kwa firiji ndinasiya dala kamalo kopanda matailosi ngati chikhatho, ndinalembapo kamzere ka pensulo pomwe chinyezi chinkafika kale, nde mvula ikagwa masiku atatu osalekeza ndimasuntha firiji ndikukagwirapo ndi dzanja.